Tsiku lachinayi la mpikisano wa njinga zam'mapiri: n'chifukwa chiyani anthu amathera pamenepa?

Fulu32T
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mpikisano ndi wa masiku 7, opalasa awiriawiri. Tsiku lachinayi ndiye lovuta: makilomita 104, zikweza zonse pamodzi mamita 2,700, malo omwera madzi atatu (pa kilomita 31, pa 58 ndi pa 83), nthawi yotsekera maola 10. Chikweza chachikulu chikuyambira pa kilomita 62, dzuwa lili paliwombo, kutentha kofika madigiri 35. N'chifukwa chiyani anthu amene ayenda bwinobwino masiku atatu oyamba amadzathera tsiku ngati limeneli? Ndi miyendo, chakudya kapena njinga? Nanga munthu alikonzekere bwanji?

Mtsetse29
Miyendo basi. Amakhala sanakonzekere mokwanira.

NamwinoWaNjinga
Ayi achimwene, si miyendo yokha. Ambiri othera tsiku lachinayi vuto lawo limakhala litayamba tsiku lachiwiri madzulo, pa mbale. Thupi limasunga shuga wotchedwa glycogen m'minofu ndi m'chiwindi. Munthu wamkulu wozolowera masewera amasunga pafupifupi magalamu 400 mpaka 500 m'minofu, ndi ena pafupifupi 100 m'chiwindi. Mukapalasa mwamphamvu osadya, nkhokwe imeneyi imatha m'maola awiri, nthawi zina osakwana. Kuti idzadzenso bwinobwino pamafunika pafupifupi maola 24 munthu akudya mokwanira. Tsono werengerani: mwafika 4 koloko madzulo, mawa mukunyamuka 7 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 15 okha. Tsiku lililonse mumanyamuka nkhokwe ili yoperewera pang'ono kuposa dzulo, ndiye likafika tsiku lalitali chonchi, mulibe chotapa.

Chomvetsa chisoni n'chakuti wopalasa pang'onopang'ono ndi amene amavutika kwambiri, chifukwa amakhala padzuwa nthawi yaitali ndipo amafika mochedwa. Otsogola amakhala atadya, atasamba, atagona, iye akadali m'phiri.

Muyeso wake ndi uwu. Pa masiku olemera chonchi, zakudya zopatsa mphamvu zikhale magalamu 8 mpaka 12 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu pa tsiku. Munthu wa makilogalamu 70 ndiye kuti magalamu 560 kupita m'mwamba. Mukangofika, maola anayi oyambirira muzidya galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu ola lililonse, kuphatikizapo zomanga thupi magalamu 20 mpaka 30. Osadikira chakudya chamadzulo.

Mtsetse29
Magalamu 560? Mukufuna munthu aphulike?

NamwinoWaNjinga
Zimene mumadya muli panjinga zimawerengedwa momwemo. Ndipo n'chifukwa chake zina muzichita kumwa, osati kutafuna zonse.

Kadzidzi
Tiyeni tiyambe tawerengera nthawi, chifukwa a Fulu32T mdani wawo woyamba ndi wotchi. Makilomita 104 m'maola 10 ndiye kuti liwiro la makilomita 10.4 pa ola, kuphatikizapo kuima konse. Mukaima mphindi 10 pamalo omwera alionse, theka la ola lapita. Tayala likabooka kamodzi, mphindi zina 10 kapena 15. Ndiye liwiro lenileni loyenda liyenera kupitirira 11 pa ola. Papepala zikuoneka ngati zamasewera, koma munthu wotopa panjira yamiyala akamakwera mamita 550 pa ola, zikweza za mamita 2,700 zokha zimudyera pafupifupi maola asanu.

Lembani pakapepala nthawi imene muyenera kufika pamalo omwera alionse, mumate pa felemu. Mukhale ndi ola limodzi losungira. Cholinga chikhale maola 9, osati 10.

Mai_Pedulo
Ndiwonjezere pa za wotchizo. Cholakwa chachikulu chimachitika ola loyamba. Kunja kukadali kozizira, gulu likuthamanga pamsewu wafumbi, aliyense akufuna akafike msanga pa kanjira kopapatiza. Mumapezeka mukupalasa ndi mphamvu yoyenera mpikisano wa maola awiri. Zimene mwapindula ndi mphindi zisanu, zimene mudzataye pachikweza cha pa 62 ndi theka la ola. Kuthamanga sikufika.

Amene muli ndi makina oyeza mphamvu, pazikweza zitalizitali musapitirire 70 mpaka 75 peresenti ya mphamvu imene mungagwire kwa ola lathunthu. Amene mulibe, yesani kulankhula. Ngati simungathe kunena chiganizo chathunthu kwa mnzanu osadukiza, mwapyola muyeso.

SipokoImodzi
Bwanji osangoyang'ana kugunda kwa mtima pa wotchi? N'zosavuta.

Mai_Pedulo
Tsiku lachinayi mtima umanamiza. Thupi likatopa masiku angapo motsatizana, mtima umakana kukwera: mukupalasa mwamphamvu koma nambala ikuonetsa yotsika kuposa masiku onse. Mukamaithamangitsa nambalayo mudzipweteka. Masana kukatentha zimatembenuka, nambala imakwera yokha ngakhale simunawonjezere mphamvu, chifukwa magazi ambiri apita pakhungu kukaziziritsa thupi ndipo madzi achepa. Muziiyang'ana, koma musaikhulupirire yokhayokha.

Fulu32T
Zikomo amayi. Nanga panjinga ndizidya zochuluka bwanji?

NamwinoWaNjinga
Magalamu 60 mpaka 90 a zopatsa mphamvu ola lililonse, kuyambira mphindi 20 kapena 30 zoyambirira, musanamve njala. Malire amenewa amachokera m'matumbo. Njira imene shuga wa mtundu wa glucose amalowera m'magazi imadzaza pa magalamu pafupifupi 60 pa ola. Fructose, shuga wa m'zipatso, ali ndi njira yakeyake, ndiye mukasakaniza awiriwa, magawo awiri a glucose kapena maltodextrin (ufa umene umasanduka glucose m'mimba) pa gawo limodzi la fructose, mutha kufika 90. Kupyola pamenepo osazolowera, chotsatira ndi nseru, mimba kufufuma ndi kutsekula.

Pa maola 9, magalamu 70 pa ola ndi magalamu 630. Gel mmodzi (kapaketi ka phala la shuga) amakhala ndi magalamu 20 mpaka 25, nthochi yapakatikati chimodzimodzi. Palibe amene angameze ma gel 27 osasanza. Gawani chonchi: maola atatu kapena anayi oyambirira idyani zotafuna, monga mpunga woumba, mbatata yophika yothira mchere, buledi, nthochi, pamene mimba ikadali yomvera. Kukatentha ndiponso pazikweza, pitani ku zakumwa ndi ma gel. Gel aliyense mutsatize madzi enieni, osati chakumwa cha shuga, apo ayi shuga amachuluka m'mimba n'kukoka madzi m'malo moti alowe m'thupi.

Chinanso, tsegulirani mapaketi usiku. Panjira yamiyala simungasiye handulo kuti mung'ambe pepala, ndiye mumangoti ndidya kutsogoloku, mpaka ola latha.

Bilimankhwe
Zonsezi ndi zabwino koma chimene chimagwetsa anthu pachikweza chotentha ndi kukokana kwa minofu. Mankhwala ake ndi mchere. Mapiritsi a mchere ola lililonse, nkhani yatha.

Kadzidzi
Sikuti yatha, bwana. Anthu ambiri amakokana minofu mchere uli bwinobwino m'magazi. Taonani kuti imakokana minofu imene ikugwira ntchito yokha, ntchafu ndi akatumba, osati thupi lonse. Chikanakhala mchere wokha, bwenzi manja ndi msana zikukokananso mofanana. Chachikulu ndi kutopa kwa minofu ndi mitsempha yoilamulira, chifukwa chopalasa giya yolemera kapena kupyola muyeso umene thupi linazolowera.

Bilimankhwe
Nanga amene malaya awo amayera ndi mchere akauma?

NamwinoWaNjinga
Nonse muli ndi mbali yoona. Thukuta la anthu limasiyana kwambiri: ena amataya sodium (wa mu mchere) wosakwana mamiligalamu 500 pa lita, ena kupitirira 1,500. Kotentha munthu atha kutaya lita imodzi mpaka awiri pa ola. Wa malaya oyera uja akufunikadi mchere wochulukirapo. Koma mchere subweza minofu imene yatopa. Ikakokana, tsitsani giya, chepetsani liwiro, ikakanika imani muiwongole pang'onopang'ono.

Pa zamadzi, mamililita 500 mpaka 750 pa ola ndiye poyambira, kotentha kwambiri mutha kuwonjezera. Koma pali ngozi ina imene anthu saiganizira. Wopalasa pang'onopang'ono amene amamwa madzi okhaokha ambirimbiri kwa maola 9 atha kusungunula mchere wam'magazi mpaka kutsika pansi pa 135 pa muyeso wa achipatala, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi: mutu, nseru, kusokonezeka. Mukamupatsa madzi ena mukumuwonjezera vuto. Zala zikatupa, wotchi n'kuyamba kuthina, mimba ikumveka kuti khuvukhuvu, siyani madzi wamba.

Ndipo chonde, ibuprofen ndi abale ake musamwe tsiku lotentha chonchi. Madzi akachepa m'thupi mankhwala amenewa amavulaza impso.

SipokoImodzi
Mabotolo awiri akwana?

Kadzidzi
Onani mapu. Kuchokera pa 58 kufika pa 83 ndi makilomita 25 okha, koma m'menemo ndi mmene muli chikweza chachikulu. Zitha kukutengerani maola atatu. Mabotolo awiri a mamililita 750 ndi lita imodzi ndi theka, sakwana. Tsiku limeneli berekani chikwama chamadzi cha malita awiri, ngakhale masiku ena simubereka. Mtunda wa pakati pa malo omwera muziuwerenga m'maola, osati m'makilomita.

MakanikaWamkulu
Mwalankhula za thupi, tsopano njinga. Pofika tsiku lachinayi imakhala yayenda makilomita pafupifupi 300 m'fumbi ndi m'madzi. Madzulo a tsiku lachitatu chitani izi musanagone, osati m'mawa.

Tulutsani tayala muyang'ane mapadi a mabuleki ndi tochi. Akatsala pansi pa milimita imodzi sinthani, ndipo atsopanowo muwazoloweretse pomanga buleki mwamphamvu kakhumi kapena kupitirira pamalo otsetsereka pang'ono. Mapadi ofewa aja atha kutheratu tsiku limodzi la matope ndi mchenga. Achitsulo amalira koma amapirira kutentha ndi matope. Chimbale cha buleki nacho chili ndi malire olembedwa pomwepo, cha Shimano ndi mamilimita 1.5.

Gwedezani tayala mumve ngati sealant, madzi omata otseka mabowo m'tayala lopanda chubu, akadalimo. Tayala la mainchesi 29 limafuna mamililita 90 mpaka 120, ndipo kotentha amauma msanga, komanso minga ya masiku atatu imakhala yamwako. Sisitani m'mbali mwa tayala ndi chala kufuna pong'ambika. Tsukani tcheni, muumitse, muthire mafuta dontho limodzi pa mfundo iliyonse, kenako mupukute otsala. Yesani mabawuti a handulo, a chishalo, ndi a pansi pa nsapato. Bawuti imodzi ya pansi pa nsapato ikagwa, phazi limakanirira pa pedulo osachoka.

Makina otsukira a madzi amphamvu musawalozetse pa mabelingi a habu, a pakati pa mapedulo kapena a foloko. Amatulutsa girisi n'kulowetsamo madzi.

Mtsetse29
Mafuta a tcheni ndi achikale. Phula ndiye zenizeni, fumbi silimata.

MakanikaWamkulu
Kouma, inde. Koma muwoloke mitsinje itatu muone ngati phula likhalapo.

Bilimankhwe
Nchifukwa chake ena amanyamula matcheni atatu ophikiratu m'phula, n'kumangosintha madzulo.

SipokoImodzi
Ena angogula njinga yamagetsi tipume.

Mtsetse29
Batire yake ifike makilomita 104 ndi mamita 2,700? Idzathera pomwe pa 62 paja, kenako muzikankha makilogalamu 23.

Fulu32T
Abale, tibwerere kuchikweza. Magiya anga ali ndi mano 32 kutsogolo ndi 10 mpaka 51 kumbuyo. Zikwana?

MakanikaWamkulu
Tiwerengere. Tayala la 29 likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.3. Pa 32 ndi 51, mukapalasa kamodzi mwayenda mita 1.44. Mukamapalasa ka 60 pa mphindi, ndi makilomita 5.2 pa ola. Pachikweza cholimba kwambiri munthu wotopa liwiro limenelo salikwanitsa, ndiye miyendo imatsika kufika ka 45 kapena 50, ndipo pamenepo ndi pamene mawondo amawawa, ntchafu n'kuyamba kukokana. Ikani 30 kutsogolo. Chimene mutaye ndi liwiro la pamsewu wosalala, limene tsiku lachinayi simulifuna n'komwe. Mukasintha, onaninso kutalika kwa tcheni ndi mmene derailleur (chosinthira magiya kumbuyo) yakhalira, ndipo muchite izi mpikisano usanayambe.

Mtsetse29
Ine ndimaona kuti kutsika n'kumakankha njinga ndi manyazi.

Mai_Pedulo
Manyazi safikitsa munthu pamzere, achimwene. Liwiro likatsika kufika makilomita 4 pa ola, kusiyana kwa wopalasa ndi wokankha kumakhala kochepa, koma wopalasayo mtima uli pakhosi. Ku La Ruta de los Conquistadores, ku Costa Rica, ngakhale akatswiri amasenza njinga m'matope ndi pamilatho ya njanji. Chofunika ndi kutsika mwadala musanagwe, kupatuka kuti ena adutse, ndi kugwiritsa ntchito nthawi yoyenda pansiyo kudya ndi kumwa. Kuipa kwake n'kumodzi: nsapato zolimba pansi zimatulutsa matuza kuchidendene mukayenda nthawi yaitali, ndiye amene amadziwa kuti khungu lawo silichedwa amatiretu pulasitala m'mawa.

Kadzidzi
Palibe amene watchula za mnzanu, pamene mpikisanowu ndi wa awiriawiri. Ku Cape Epic, umene unayamba mu 2004 ku Western Cape, ku South Africa, lamulo ndi lakuti awiriwo asatalikirane kupitirira mphindi ziwiri. Mipikisano yambiri ya awiriawiri ili ndi lamulo lofanana nalo. Tanthauzo lake n'lakuti liwiro la gulu ndi la amene wafooka tsiku limenelo, ndipo wofooka amasinthasintha.

Pachikweza, wofookayo akhale patsogolo kuti ndiye aike liwiro. Wamphamvu akatsogola, amasiya kampata ka mamita 20, mnzake n'kumadzipha kuti atseke, akangofika winayo wanyamukanso. Pamsewu wamphepo ndi pamene wamphamvu atsogole. Iyeyo atengenso zitsulo ndi chubu, pamalo omwera adzaze mabotolo onse ndi kuthira mafuta pa matcheni onse awiri mnzake akudya. Za kukankhana, werengani malamulo: ina imalola dzanja pamsana koma imaletsa kukokana ndi chingwe.

Mugwirizaniretu mawu. Funso loti muli bwanji aliyense amayankha kuti ndili bwino. Funsani kuti mwadya liti komaliza.

NamwinoWaNjinga
Funso limenelo ndi lofunika, chifukwa shuga akatsika m'magazi mwini wake sazindikira. Amayamba kukwiya ndi zinthu zazing'ono, kusiya kulankhula, kuphonya njira yoonekeratu, kunjenjemera. Muimitseni pamthunzi, mumupatse shuga wolowa msanga magalamu 30 mpaka 40, mudikire mphindi 10 kapena 15, kenako muyambe pang'onopang'ono akudyabe.

Koma musasokoneze ndi kutenthedwa. Munthu akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira, osadziwa kumene ali, thupi lili moto, mpikisano watha pomwepo. Thukuta litha kumatulukabe, musadikire kuti liume. Mugonekeni pamthunzi, mumuvule chipewa ndi chikwama, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, ngati pali mtsinje mumuviike mutamugwira mutu, ndipo imbani nambala yangozi ya okonza mpikisano. Nambalayo isungidwe m'foni zonse ziwiri.

Bilimankhwe
Apa palibe chotsutsa.

Mtsetse29
Tsono mukafika pamwamba, ndi pamene ngozi zimachuluka. Anthu amaganiza kuti zavuta zatha. Manja ali dzanzi, maso atopa, mutu ulibe shuga. Imani mphindi imodzi, mumwe, mumeze gel, mupukute magalasi, mutsegule foloko ngati munaitseka pokwera, mutsitse chishalo. Potsika musagwirire buleki mosalekeza. Mangani mwamphamvu pamalo owongoka musanafike pokhota, kenako siyani kuti chimbale chizizire. Mukamakoka pang'onopang'ono kwa mphindi khumi, mapadi amatentha n'kuyamba kuterera, ndipo mikono imauma. Chala chimodzi pa buleki, zina zonse pa handulo.

SipokoImodzi
Mpweya wam'matayala?

Mtsetse29
Munthu wa makilogalamu 70 mpaka 75, matayala a 2.35 kapena 2.4 opanda chubu: kutsogolo pafupifupi 1.4 mpaka 1.5 bar, kumbuyo 1.6 mpaka 1.7. Tsiku lamiyala lakuthwa onjezerani 0.1, chifukwa munthu wotopa sazemba miyala, amangoigunda.

MakanikaWamkulu
Likabooka, ndondomeko yake ndi iyi. Imani msanga mpweya usanathe, tembenuzani tayala kuti bowo likhale pansi sealant afikepo. Likapanda kutsekeka m'masekondi 20, lowetsani plug, kachingwe ka labala kotsekera bowo. Muzikhala mutaiikiratu pa chobayira chake, yomatidwa pa felemu, osati pansi pa chikwama. Bowo lalikulu, ma plug awiri. Kung'ambika kwa m'mbali kopitirira sentimita imodzi sikumva plug: chotsani valavu, ikani chigamba cholimba mkati, ngakhale pepala la gel lopinda, kenako chubu. Musanaike chubu sisitani mkati mwa tayala monse, chifukwa minga imene sealant anaitseka masiku atatu apitawo ikadali momwemo ndipo iboola chubucho pompo. Kanati ka valavu musamange ndi pulayala kunyumba, mudzalephera kumasula ndi zala m'phiri.

CO2, mpweya wa m'timabotolo topopera tayala, ndi yachangu koma imawononga sealant wina ndipo imatuluka msanga, ndiye madzulo phwetsani tayala mupope ndi pampu. Pampu yaing'ono isasowe. Zina zonyamula: quick link (mfundo yolumikizira tcheni ikaduka) yolingana ndi tcheni yanu, chodulira tcheni, mapadi peyala imodzi, zingwe zapulasitiki zomangira, ndi hanger (kachitsulo kolumikiza derailleur ku felemu) ya felemu yanu.

Fulu32T
Nanga ikagwa mvula usiku?

MakanikaWamkulu
Zimatengera dothi. Mchenga ukanyowa umayendeka bwino. Makande ndiye oopsa: amamata pa tayala mpaka kudzaza felemu, n'kukoka derailleur kuilowetsa m'masipoko. Mukamva pedulo yalimba mwadzidzidzi, siyani kupalasa nthawi yomweyo, musakakamize. Tsikani, palani ndi kamtengo, ndipo pamalo oipitsitsa senzani njinga, musaikankhe, chifukwa tayala likamagudubuzika likutolabe dothi.

Mai_Pedulo
Chimodzi chimene anthu amachita nacho manyazi: zilonda za pachishalo. Zimachotsa anthu ambiri mu mpikisano miyendo ikadali yamphamvu. Kabudula wochapa tsiku lililonse, wopanda chovala china mkati, mafuta oteteza kunyuka m'mawa, ndi kapaketi kena kodzolanso pa kilomita 58. Mukangofika vulani, sambani, umitsani, musakhale pansi kudya mukadali m'kabudula wonyowa. Chishalo chatsopano kapena kabudula watsopano asayambire pa mpikisano. Pakatuluka chotupa chofiira chotentha, musachifinye, pitani kutenti ya achipatala madzulo omwewo.

SipokoImodzi
Za hanger zija, siimodzimodzi pa njinga zonse?

MakanikaWamkulu
Ayi. Mafelemu ambiri atsopano amagwiritsa ntchito UDH, hanger ya mtundu umodzi imene kampani ya SRAM inatulutsa mu 2019, ndipo imeneyo amakanika a pamalo omwera amakonda kukhala nayo. Koma felemu yakale ili ndi yakeyake, ndipo ya kampani imodzimodzi itha kusiyana malinga ndi chaka. A Fulu32T, gulani ziwiri, imodzi muiyese kumanga kunyumba muone ngati magiya onse 12 akulowa, ndipo muonenso ngati kasipanala kanu kam'thumba kali ndi saizi ya bawuti yake.

Fulu32T
Felemu yanga si ya UDH, ya mnzanga ndi ya UDH. Ndiye tinyamule mitundu iwiri?

MakanikaWamkulu
Iwiri, aliyense yake. Quick link nayonso muone, ngati wina ali pa Shimano wina pa SRAM musadalire imodzi.